Duwa Lomwe Linakana Bwalo la Alamu Anga

Mukuseka chipewa changa chofiirachi? Sekani ndithu, mano ndi anu. Koma sunthani pang'ono ndikhale nawo, ndipo mtsikana woperekera zakudyayo akabwera mumuuze awonjezere kapu imodzi ya khofi, ndikuuzeni m'mene chipewachi chinafikira pamutu panga. Nkhani yake ndi ya alamu anga a Onofre Archuleta, amuna awo a achemwali anga a Fidelia, munthu amene amadana ndi udzu kuposa m'mene ansembe amadanirana ndi Satana.

Ine ndine Eloy, kwa amene simundidziwa. Ndimakhala kwa alamu angawo, m'kachipinda ka kuseri kwa galaja. Ndinabwera kudzangocheza masiku ochepa nditasiya ntchito chifukwa cha msana, ndipo msanawo sunachirebe, ngakhale kuti mwana wawo Rudy, yemwe ndinamupeza akukwawa, pano ali ndi ndevu ndi ana akeake. Anthu amalankhula zambiri, koma ine pakhomo paja ndimathandiza. Ndimalawa ndiwo. Ndimauza anthu kukayamba kuzizira. Wailesi yakanema ija pakanapanda ine bwenzi itachita dzimbiri kalekale.

Mvula ya muno mu Albuquerque mumaidziwa nokha, imangolonjera n'kudutsa. Ndiye anthu atayamba kulimbikitsana kuti kapinga achotsedwe madzi asamathere pachabe, a Onofre anali oyamba. Anafukula kapinga yense, n'kuyala chipepala chakuda chapulasitiki, n'kuthira timiyala toyera kuyambira pakhonde mpaka kumsewu. M'mawa uliwonse amasalaza timiyalato kuti tikhale m'mizere. Kaudzu kakangoti kasuzumire, amagwada n'kukazula ndi kopanira ka achemwali kozulira nsidze. Anthu a m'dera lathu ataona khama lotere anawasankha kukhala wapampando wa komiti yoona ukhondo wa mabwalo, ndipo kuyambira pamenepo palibe anaonanso mtendere. Madzulo amayenda manja kumbuyo, khosi lili m'mipanda ya eni.

Mdani wawo wamkulu anali a Baca, aneba athu a kuseri kwa mpanda, mkulu wopuma pantchito ya njanji. Bwalo la a Baca linali tchire lenileni, lodzaza udzu wam'chipululu uja wobala ngala zopindika ngati nsidze. A Onofre akawadzudzula, iwo amangoti, "Aneba, udzu uwu unali pano agogo anu asanabadwe. Mlendo ndinu." Kenako amabwerera pampando wawo.

Tsono inu, tamverani. Ine ndi achemwali tinakulira kumapiri, ku Mora, ndipo kuseri kwa nyumba ya bambo athu kunkamera duwa lija ife timalitcha la Santa Rita. Ena amalitcha burashi, chifukwa limaoneka ngati burashi yoviikidwa mu penti wofiira. Tili ana tinkathothola timaluwa take n'kumayamwa timadzi totsekemera ta mkatimo. Azakhali athu omwe ankasunga nyumbayo atamwalira, nyumba inatsala yopanda munthu. M'mawa wina, nyengo ija tsabola amawotchedwa m'misewu monse fungo lili ponseponse, achemwali anaima pawindo la kukhitchini nthawi yaitali, akuyang'ana timiyala toyera tija.

"Bambo a Rudy," anatero, "ine ndatopa kuyang'ana manda."

"Manda ati?"

"Awa mumasesa m'mawa uliwonsewa. Ndikupita kwathu ku Mora."

"Kukacheza?"

"Kukakhala."

A Onofre anaseka, koma ataona kuti akuseka okha anasiya. Anafunsa chimene chikusowa panyumbapo. Achemwali anati chamoyo. Anati pabwalo ponse palibe ngakhale gulugufe amene angatere, ndipo iwo sakufuna kukalambira pamalo pamene chinthu chikangomera chimaphedwa tsiku lomwelo.

"Tsabola akadzayambanso kununkha chaka chamawa, Rudy adzabwera ndi lole. Ndikadzaima pawindo pano n'kuona duwa la Santa Rita, ndidzakhala. Ndikadzaona miyala, ndidzakwera."

Ine ndinali pakona ndi mbale yanga ya nyemba, ndipo ndinafunsa mwaulemu kuti nanga ine zanga zikhala bwanji. Achemwali anati ku Mora kuli nkhuni zowaza ndi madzi otunga, ndiye munthu wa msana sangakwanitse. Alamu anati tsiku limene akazi awo adzatuluke pakhomo lakumaso, ine ndidzatulukira lakuseri. Kunena zoona ndinachita mantha, chifukwa pa msinkhu wanga uno palibenso mlongo wina amene ndingakamupeze.

Choncho mawa lake tinapita kunazale, alamu kutsogolo, ine pambuyo ngati mboni. Mayi wogulitsa mbande anatibweretsera timiphika tapulasitiki. M'kamphika kalikonse munali kambande ka duwalo, ndipo pambali pake panali kachitsa ka udzu, womwe uja wa nsidze wa kwa a Baca.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa alamu.

"Udzu, bambo."

"Ndaona kuti ndi udzu. Ndikufunsa kuti ukutani m'mphika umene ndikulipira ine."

"Duwa limeneli silikhala lokha," anatero mayiyo. "Mizu yake ndi yaulesi. Imakakamira pa mizu ya udzu n'kumayamwa madzi ndi chakudya kuchokera pamenepo. Mukachotsa udzu ndiye kuti mwalilanda mbale."

Ine ndinati, "Duwa lanzeru."

Alamu anauza mayiyo kuti iwo ndi wapampando wa komiti, ndipo bodza la ogulitsa amalidziwa: munthu walephera kupalira nazale yake, ndiye akufuna kugulitsa ulesi wake ngati mankhwala. Anapinda malaya pomwepo pakauntala, n'kuzula udzu m'kamphika kalikonse, kamodzikamodzi, mizu ndi dothi lomwe. Anauunjika bwinobwino n'kuukankhira kwa mayiyo.

"Sungani. Mukagulitse kwa opusa."

Mayi uja anangoti, "Muyende bwino, bambo," ndi mawu aja amalankhula anamwino kwa wodwala amene akudziwa kuti abweranso.

Kunyumba alamu anaboola chipepala chakuda chija, n'kudzala timbandeto pamzere wowongoka moyang'anana ndi windo. Anayeza ndi chingwe. Anathirira m'mawa ndi madzulo. Sabata isanathe timbande tonse tinali titawerama, ndipo sabata yotsatira tinali titauma gwa. Alamu anaimba mlandu madzi a mumpopi, kenako mayi wa kunazale, kenako ine, ati chithunzithunzi changa chimatchinga dzuwa ndikakhala pakhonde.

"Za m'masitolo n'zofooka," anatero. "Tikatenga lenileni, lakutchire."

Tinakwera galimoto yawo ya bokosi kumbuyo ija kulowera kumapiri, fosholo ili kumbuyo. Titadutsa pamene mitengo ya mikungudza imayambira, tinaliona m'mbali mwa msewu, lofiira psuu pakati pa udzu. Alamu anati ine ndikhale m'galimoto ndiziyang'ana apolisi, poti kukumba m'mbali mwa msewu sikuloledwa. Ntchito imeneyo ndinailandira ndi manja awiri. Koma inu mukudziwa m'mene dzuwa limalowera pagalasi masana, ndipo mpando wa galimoto ija ndi wofewa.

Ndinadzidzimuka nditamva kukuwa. Wapolisi anali ataimika galimoto yake kumbuyo kwathu n'kuyenda mpaka pamene alamu anagwada akukutumula dothi ndi kuchotsa timizu ta udzu pa maluwa amene anakumba. Anangowalonjera chabe kuti, "Zikuyenda, bambo?" Alamu anadzuka mothamanga, n'kubwerera m'mbuyo, n'kukhala pansi. Pamene anakhalapo panali choya, chitsamba chija cha minga yokhayokha chimene ngakhale mbuzi imachilambalala.

Wapolisi uja anatsegula kabuku kake, n'kuyang'ana alamu, n'kuyang'ana choya, n'kutsekanso kabukuko.

"Pitani, bambo. Chilango chimene mwalandirachi ine sindingachipose."

Pobwerera ndinayendetsa ndine, alamu atagona chafufumimba kumbuyo, atakumbatira maluwa awo, akutukwana bampu iliyonse ndi dzina langa. Kunyumba achemwali anawagoneka patebulo la kukhitchini n'kutenga kopanira kaja ka nsidze. Munga uliwonse ukamatuluka alamu amaitana woyera mtima wina, mpaka oyera mtima anatha, anayamba kubwereza. A Baca anakwera pampando wawo n'kusuzumira pamwamba pa mpanda.

"Aneba, kodi tsopano udzu mukuzulira m'nyumba?"

Maluwa akutchire aja sanachedwe n'komwe. Anafa alamu asanayambe kukhala pampando.

Nyengo yachisanu itayandikira, alamu anati njira yatsala ndi ya njere. Kunazale kuja anachita manyazi kubwererako, ndiye anatuma ine. Mayi uja anandipatsa kapaketi ka tinjere tating'ono ngati fumbi, n'kundiuza zinthu ziwiri. Choyamba, njerezo sizimera zisanamve kuzizira, ndiye tizisakanize ndi mchenga wonyowa n'kuziika mufiriji mpaka chisanu chithe. Chachiwiri, tikazifese pamene pali udzu. Ndinafikitsa uthenga wonse monga unalili. Alamu analandira choyambacho, chachiwiricho anati ndikabweze komwe ndachitenga.

Anasakaniza njere ndi mchenga m'kachitini ka majarini n'kukaika mufiriji, kumbuyo kwenikweni. Tsono apa ndikufuna mundiweruze mwachilungamo. Munthu ukatsegula firiji masana, eni nyumba atapita kutchalitchi, n'kupeza kachitini ka majarini kali ndi zinthu zabulauni, zonyowa pang'ono, zobisidwa kumbuyo, umaganiza chiyani? Ine ndinati alamu ayamba kundibisira shuga. Zinandipweteka mtima kwambiri. Ndinatapa masupuni odzaza bwino n'kuthira m'phala langa, kuti aphunzire kuti pachibale sitibisirana.

Supuni yoyamba inalira m'mano ngati galimoto pa msewu wafumbi. Ndinathamangira panja, ndinalavula, ndipo ndi ukali womwewo ndinakhuthulira kachitini konse kuseri kwa mpanda, kwa a Baca. Nditatsuka m'kamwa m'pamene nzeru zinabwera. Ndinaima pamenepo ndi kachitini kopanda kanthu, ndikuona chipinda changa chikundichokera. Koma Mulungu sataya wake. Kuseri kwa galaja kunali mulu wa mchenga wotsala pomanga, ndipo mchenga ndi mchenga. Ndinadzaza, ndinanyowetsa, ndinabwezera pamalo pake.

Chisanu chitatha alamu anafesa mchenga uja m'mabokosi a dothi logula, lophikidwa kale kuti musakhale njere ya udzu ngakhale imodzi. Ankathirira ndi kabotolo kothirira mankhwala m'maso. Ankalankhula nawo. Tsiku lina ndinawamva akuuimbira nyimbo ya Maria. Ine ndinkangodutsa mwakachetechete, chifukwa si bwino kusokoneza munthu pa chikhulupiriro chake.

Ndiye mwadzidzidzi kanthu kanamera. Kamodzi kokha, kobiriwira, m'bokosi lapakati. Alamu anatiitana tonse kuti tidzaone. Anakamangira kamthunzi, anakatchingira mphepo, anandiletsa kuyetsemula pafupi. Kanakula msanga, kakuyala pansi m'malo mokwera m'mwamba, ndipo alamu anati ndi mtundu wina wa ku Mora. Kataphuka timaluwa tachikasu anati kufiira kumabwera pambuyo. Anachita kunyamula bokosi lonse kukaonetsa a Baca pageti pawo.

A Baca anavala magalasi, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Aneba, mwalera bwino. Sindinaonepo wonenepa chonchi."

"Mwaona?"

"Ndi udzu wa minga uja umaboola matayala a njinga za ana. Komiti yanu inandilipitsa chifukwa cha womwewu chaka chatha."

Alamu sanadye tsiku limenelo, moti ndinachita kuwathandiza mbale yawo. Mawa lake anaitanitsa komiti. Anati njere zonse zoipa za m'dera lino zimachokera kwa a Baca, ndipo ndi zimene zikupha maluwa a anthu. Komiti inagamula kuti a Baca atchetche tchire lawo lonse mpaka pansi mwezi wa tsabola usanathe, apo ayi awatengera kukhoti. A Baca anangoti amva.

Mvula ya chilimwe inabwera, inagunda masana angapo, n'kupita. Nthawi inali kutha. Achemwali anayamba kupempha makatoni kusitolo. Ine tulo tinayamba kundivuta ngakhale masana.

Apa m'pamene alamu anachita chinthu chimene mpaka lero amakana kuti sanali iwo. Anaganiza kuti poti achemwali saona patali popanda magalasi, ndipo magalasiwo amangowataya, maluwa apulasitiki akhoza kugwira ntchito. Anakagula mtolo wonse wofiira n'kuuzika m'timiyala, kutali ndi windo, kufupi ndi msewu. Mphepo itaugwetsa, anazika kamtengo n'kuumangirira. Itaugwetsanso, anakhomera kamtengo kena chopingasa kuti ulimbe.

Inu nonse ndinu a kuno. Mukaona mtanda m'mbali mwa msewu, pali maluwa apulasitiki, pa timiyala toyera, mumadziwa tanthauzo lake: pamenepo munthu anafa pangozi. Anthu odutsa anayamba kuvula zipewa. Wina anasiyapo kandulo. Tsono zinangochitika kuti masiku amenewo ine sindinkatuluka, msana unali utandigwira ndipo pa wailesi yakanema panali mpira. Anthu anawerenga a m'nyumbamo. A Onofre awaona, a Fidelia awaona kutchalitchi. Pofika Lachisanu dera lonse linkadziwa kuti Eloy wagundidwa ndi galimoto pakhomo penipeni.

Ndinamva kugogoda ndili m'chipinda changa, kenako mawu a mayi Sena, a kwaya aja.

"Pepani a Onofre, tamva zovutazi. Tabwera ndi kaposole aka, kamsuzi ka chimanga ndi nyama."

"Zovuta zanji?"

"Musadzilimbitse, bambo. Komabe tinene zoona, Mulungu wakutulani mtolo. Zaka zonsezi kudyetsa munthu wamkulu ndevu pepeya, osagwira ngakhale tsache."

"Ndani?"

"Malemuwo. Anali ndi mtima wabwino, koma m'mimba munalibe pansi."

Kumbuyo kwawo kunali ena, aliyense ndi mbale yovundikira, ndipo aliyense anali ndi mawu ake. Wina anati bokosi lisakhale lodula poti mwini wake sanagulepo kanthu. Wina anafunsa ngati kachipinda kaja kadzachititsidwe lendi. Ine ndinamva zonse. Zinandiwawa, sindikubisirani, anthu amene ndakhala ndikuwalonjera zaka zonsezi. Ndikanakhala wina ndikanangokhala m'chipindamo ndi ulemu wanga. Koma fungo la posole linali litalowa kale pansi pa chitseko.

Ndinatuluka nditafunda bulangete langa loyera. Mayi Sena anakuwa n'kutaya mphika, koma ine ndinauwakha usanafike pansi, osatayika ngakhale dontho. Ena anathawa mpaka kupondaponda mizere ya alamu. Chakudya chinatsala chambiri, ndipo poti chinabwera m'dzina langa, sindinaone chifukwa chochibwezera.

Achemwali sanaseke. Anavala magalasi awo, anayenda mpaka kumsewu, anayang'ana mtanda uja ndi maluwa ake, n'kubwerera.

"Ndinakuuzani kuti ndi manda, bambo a Rudy. Sindinadziwe kuti mukhala mukuwakongoletsa."

Madzulo omwewo anatsitsa masutikesi pamwamba pa kabati. Alamu anakhala okha pakhonde, ndipo kwa nthawi yoyamba chikhalire changa pakhomo paja ndinawamvera chisoni. Munthu uja akazi ake amawakonda. Kungoti chikondi chake amachionetsa ndi kupalira.

Loweruka linafika, tsabola akununkha mumsewu monse. Rudy anaimika lole pakhomo n'kuyamba kukweza makatoni. Linalinso tsiku lomaliza la a Baca, moti anthu awiri a komiti anali ataima pageti pawo kudikira kuti aone udzu ukugwa. Alamu anandipeza kukhitchini.

"Alamu, katundu wanu mwamanga?"

"Ndimati mwina tikambirane."

"Khomo lakuseri ndi ilo."

Ndinatuluka ndi bulangete langa ndi pilo. Nditaima kuseri kwa galaja ndinakumbukira kuti a Baca amakhala okha m'nyumba ya zipinda zitatu, ndipo munthu wokalamba safunika kukhala yekha. Ndinakwera pa ndowa kuti ndiwalonjere pamwamba pa mpanda n'kuyamba nkhaniyo pang'onopang'ono.

Sindinawalonjere. Pansi pa mpanda pomwepo, pamene ndinakhuthulira shuga wanga uja, panali pofiira. Osati duwa limodzi ayi. Anali ambiri, ataima pakati pa udzu wa nsidze uja, onenepa, ofiira kuposa a ku Mora, timbalame toyamwa maluwa tikulimbirana pamwamba pake. Ndipo chapatali pang'ono a Baca anali akukoka chingwe cha makina otchetchera udzu. Makinawo anatsokomola kawiri n'kulira.

Anthu amati ndinalumpha kuchoka pa ndowa paja n'kuzungulira nyumba ngati mnyamata. Ine sindikukumbuka. Ndimangokumbuka ndikukoka alamu pamkono ndikuti, "Santa Rita ali kwa a Baca, ndipo akumutchetcha." Alamu anathamanga kudutsa pa timiyala tawo, kudutsa anthu a komiti pageti, n'kukaima kutsogolo kwa makina manja ali m'mwamba.

"Aneba, imani."

"Ndiime bwanji? Lamulo ndi lanu, mboni zanu ndi izo."

"Musatchetche."

"Ndisatchetche chiyani?"

"Maluwawo."

"Maluwa komiti sinandiuze kuti nditchetche. Ine ndikutchetcha udzu. Maluwawo ndiwasiya, aime okha pa dothi loyera, monga mumakondera inu."

Alamu anayang'ana maluwa, n'kuyang'ana udzu umene unawazungulira, ndipo ndinaona mawu a mayi wa kunazale akuwafika m'mutu patatha chaka chathunthu.

"Udzunso musatchetche."

"Sindikumva, aneba, makinawa akusokosera."

"Ndati udzu wanu ndi wabwino."

"Auzeni awo ali pagetiwo. Ine makutu anatha ndi sitima."

Wapampando wa komiti ya ukhondo anatembenuka, chipewa chili m'manja, n'kuuza anthu ake kuti udzu wa a Baca ndi wabwino, ndi wofunika, ndipo amene augwire ayambe wagwira iwo. A Baca anazimitsa makina.

Nthawi imeneyo achemwali anali atafika, chikwama chili paphewa. Anagwada mu udzu muja ndi diresi yawo yapaulendo, n'kuthothola kaduwa kamodzi, n'kukayamwa monga tinkachitira kuseri kwa nyumba ya bambo athu. Misozi inatsika. Inenso m'maso munandilowa kanthu. Kenako anadzuka, n'kusasa maondo, n'kuyang'ana amuna awo.

"Ndi lomwelo. Koma ine ndinati ndidzalione ndili pawindo langa."

Tonse tinayang'ana mpanda. Unali wa njerwa zasimenti, wautali kupitirira munthu, ndipo alamu anaumanga ndi manja awo kuti asamaone tchire la a Baca. Ankaupaka laimu chaka chilichonse. Rudy anafunsa ngati apitirize kukweza makatoni. Alamu anatembenukira kwa a Baca.

"A Baca, muli ndi hamala yaikulu?"

"Ndili nayo, aneba. Ndakhala ndikuisungira tsiku ngati lino."

Anagumula okha, njerwa imodziimodzi, thukuta lili kamukamu, anthu a komiti akulemba. Ine ndikanathandiza, koma msana unali utabwerera. Dzuwa lisanapendeke panali mpata woti ng'ombe n'kudutsa. Achemwali analowa m'nyumba, n'kuima pawindo la kukhitchini, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatsegula windolo.

"Rudy, tsitsa makatoniwo. Ndipo bambo ako andibwezere kopanira kanga."

Za mpando wa komiti musafunse, anawachotsa sabata yomweyo chifukwa cha mpanda wogumuka. Udzu wa a Baca sunachedwe kuona mpata. Pano wafika pakati pa bwalo lathu, chipepala chakuda chija anachichotsa, ndipo m'mawa mukadutsa mudzaona a Onofre Archuleta atagwada akuthirira udzu. A Baca amakhala pampando wawo n'kumawalangiza.

Ine ndinadikira masiku angapo kuti mitima ikhale pansi, kenako ndinaona kuti si bwino kuti ulemu upite kwa mphepo. Tili pakhonde madzulo ena ndinawauza alamu kuti amene anafesa maluwa aja ndine, ndipo banja lawo likuima chifukwa cha ine. Ndinafotokoza zonse, za shuga ndi za mulu wa kuseri kwa galaja.

"Ndiye kuti miyezi yonse ija ndinkathirira mchenga?"

"Munkauimbiranso, alamu."

Ndinkayembekeza kuti andithokoza, kapena andiponyera mpando. Sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Anangoyang'ana maluwa aja kudzera pampata wa mpanda.

"Alamu," anandifunsa, "mayi wa kunazale uja anati duwali limakhala bwanji?"

"Anati mizu yake ndi yaulesi. Imakakamira pa mnzake n'kumayamwa."

"Ndipo ukalichotsa pamenepo limafa."

"Limafa ndithu, alamu. Munaona nokha."

"Ndinaona." Anapumira m'mwamba, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku masilipasi awo amene ndinavala. "Koma ilo pakutha pa chaka limaonetsako kufiira."

Mawuwo anandilasa, inu. Ndinagona nawo, ndinadzuka nawo. Ndinaona kuti munthuyo akunena zoona, ndipo pakhomo pa eni pamafunika kuchitapo kanthu. Ndiye m'mawa mwake ndinapempha ndalama kwa achemwali n'kukagula chipewachi.

Mkate wa totiya uwo mukudya, kapena ndikuthandizeni?